Pulogalamu Yomangofa Loweruka

Foni ya Ephraim inasankha nthawi yoipa. Inadikira mpaka mpingo wonse utagwada, a Malizani atangoyamba pemphero ndi mawu awo amabingu aja, kenako n'kuyamba kunjenjemera m'thumba la thalauzi. Kulira anali ataitseka, koma benchi la thabwa silisunga chinsinsi. Mzere wonse unamva.

Tisungeni, amene anagwada mbali ya amayi, sanatsegule maso. Anangoluma mlomo. Foni imeneyo ankaidziwa ngati mmene mkazi wa pamitala amadziwira mapazi a mkazi mnzake.

Aka kanali kachitatu Ephraim kubwera ku tchalitchi cha Sabata cha kwawo kwa Tisungeni, atavala jekete lake limodzi lomwelo, kuti a Malizani amuone. A Malizani anali mkulu wa mpingo komanso malume ake a Tisungeni, ndipo palibe mnyamata akanatumiza ankhoswe pakhomo paja iwo asanavomere. Maulendo awiri oyamba foni inamutulutsa mapemphero asanathe. Ulendo uno anali atalonjeza.

Anasuzumira m'thumba. Meseji inachokera kwa Vailet, kalaliki wa mu ofesi ya esiteti ya tiyi kumene Ephraim ankagwira ntchito ya makompyuta.

"Pulogalamu yanu yafanso. Mathirakitala anayi aima pa sikelo, masamba akupsa. Abwana akuti msanga."

Anadzuka monyang'ama, nsapato zikumuneneza pa simenti. A Malizani amapemphera atatsinzina, koma aliyense ku Chimaliro amadziwa kuti diso lawo limodzi limatsala pansi pano. Ephraim asanafike pakhomo, pemphero linakhota n'kuyamba kupempherera anthu otumikira ambuye awiri.

* * *

Lamulungu m'mawa a Malizani anamuitanitsa. Anamupatsa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala ndi kapu ya madzi otentha ofinyira mandimu. Nyumba ya a Malizani inayang'anizana ndi minda ya tiyi mpaka kumene maso athera, koma tiyi sanalowepo m'kapu ya pakhomo limenelo.

"A Ephraim," anayamba a Malizani, "ine sindidana nanu. Sukulu munapita, mowa simumwa, kalasi ya ubatizo mwalowa. Koma ndifunseko: Mulungu wanu ndi uti, wakumwambayu kapena wa m'thumbayo?"

"Ndi ntchito, bambo. Pulogalamu ikaima, esiteti yonse imaima. Ndinaipanga ndine, ndiye palibenso wina angaikonze."

"Ndiye kuti goli munadzisemera nokha." Anamwako madzi awo aja mosafulumira. "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Kuno kwathu mphenzi yake ndi Sabata. Mundipatse Masabata anayi otsatizana, mukhale mpaka nyimbo yotsekera. Mukatero, tumizani ankhoswe. Mukadumpha limodzi, musadzavutikenso kukwera chitunda chino. Kuli mphunzitsi wina ku Luchenza wandipatsa kale moni kawiri, ndipo iyeyo alibe foni yoyenda m'thumba."

Tisungeni anali kuseri kwa nyumba, akutsuka mphika umene unali utayera kalekale. Anamva zonse.

* * *

Tisungeni pomuperekeza Ephraim anadzera kanjira ka m'munda wa tiyi. Munali mu Febuluwale wa 2008, nthaka itakhuta mvula, tiyi akuphuka kuposa manja a omuthyola. Tisungeni anali namwino pa kachipatala ka esiteti yomweyo, ndipo anazolowera kufunsa wodwala mpaka atchule pamene pakupwetekadi.

"Tandifotokozera ngati ukuuza mwana," anatero. "Dzulo chinafa n'chiyani?"

"Deti. Wina analemba 31 Febuluwale ku gawo la stolo, potulutsa majombo."

"Majombo? Ndiye majombo aimitsa bwanji mathirakitala?"

Ephraim anakanda m'mutu. "Pulogalamu yanga ndi chimtolo chimodzi, Tisu. Sikelo, stolo, nyumba za antchito, chipatala chanu chija, zonse ndinamanga pamodzi. Kompyuta iliyonse ikamadzuka imasenza mtolo wonse, olo ikungofuna sikelo yokha. N'chifukwa chake yanu ija imatha mphindi khumi isanatseguke. Ndiye pakaduka pamodzi, zonse zimamwazika."

"Ndiye masula mtolowo."

"Zimatheka. Amati mamojulo. Gawo lililonse limakhala palokha, kompyuta n'kumangotsegula limene ikulifuna. Stolo ikafa, sikelo osamva n'komwe."

Tisungeni anaima pakati pa njira. "Zimatheka? Ndiye ine ndakhala ndikuweramitsa nkhope m'tchalitchi, amayi a Dorika akugundana zigongono, chifukwa cha chinthu chotheka?"

"Si zophweka choncho. Zigawo zikapatukana zimayenera kumvanabe. Madivishoni a esiteti alipo asanu, ndimazungulira ndi pulogalamu mu fulashi pa njinga yamoto. Ndikangoiwala kompyuta imodzi, gawo lakale likumane ndi latsopano, zimayamba kunamizana mwakachetechete. Chimtolo chikafa chimafera poyera, ndimadziwa kothamangira."

"Zimenezo ndi zapakamwa. Nena zamumtima."

Mtsikana ameneyu! Ephraim anathyola kansonga ka tiyi n'kumakapotokola ndi zala mpaka zinabiriwira.

"Kalata yanga ya ntchito ndi ya miyezi isanu ndi umodzi," anatero motsitsa mawu. "Abwana athu a Peterson amaiwonjezera chifukwa amaopa Loweruka. Ndikagawa, gawo lililonse lidzakhala laling'ono, lomveka, loti aliyense wa kasatifiketi angalisamale. Ndiye ine adzandisungira chiyani? Iwe uli ndi kwanu, Tisu. Ine ndinabadwira m'malayini, m'nyumba za antchito a esiteti. Agogo anachoka ku Mozambique atangosenza mphasa, bambo anathyola tiyi mpaka msana unapindika, ndipo tilibe olo mzere umodzi wa munda. Nyumba ndikukhalayo ndi ya esiteti, amayi ali momwemo. Ntchito ikatha, amalume ako angapereke mwana wawo kwa lova?"

Tisungeni anamumvera chisoni, anamukwiyiranso, zonse nthawi imodzi, ndipo sanadziwe kuti ayambe chiti.

"Ndiye usagawe utaye ine, kapena ugawe utaye ntchito."

"Ndi mmene zilili."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Ephraim." Anayenda pang'ono n'kutembenuka. "Koma chinthu chimodzi chikundizunguza mutu. Odwala anga amadwala tsiku lililonse. Pulogalamu yako imangodwala Loweruka, nthawi ya mapemphero. Kodi stolo amatsegula Loweruka?"

Ephraim anali asanaganizirepo zimenezo. Stolo ankatseka Lachisanu madzulo.

* * *

Lolemba Ephraim sanavutike kufufuza. Deti labodza lija silinalembedwe ku stolo. Linalembedwa pa kompyuta ya pa sikelo yaikulu ya ku fakitale, pamene Vailet ankakhala Loweruka lililonse m'malo mwa kalaliki wina wosunga Sabata. Popeza kompyuta iliyonse inkasenza zonse, munthu wa pa sikelo ankatha kulowa m'stolo ngati m'khitchini mwake.

Anamupeza nthawi ya nkhomaliro atakhala pakhonde la ofesi, atavala siketi yake yofiira, akudya nthochi. Vailet anali wa m'malayini ngati iye, anaphunzira limodzi kuyambira sitandade 1, ndipo anakula ndi nkhope yoti amuna a pa esiteti ankapeza zifukwa zambiri zobwerera ku ofesi.

"Vailet, Febuluwale ali ndi masiku angati?"

Mtsikanayo sanadzidzimuke. Anamaliza kutafuna kaye.

"Mwachedwa, a injiniya. Ine ndimayesa mutulukira Khirisimasi isanafike."

"Ukudziwa chimene wandichita?"

"Ndikudziwa chimene ndakuchitira." Ulemu wa mu ofesi unathera pomwepo. "Makalata a bwana Peterson ndimatayipa ndine. Mu Novembala anali atalemba kale kuti ntchito yako yatha, pulogalamu ikuyenda yokha. Loweruka lomwelo ndinalemba 31 Novembala. Lolemba anang'amba kalata ija ndikuona ndi maso angawa. Amayi ako akugona m'nyumba ya malata chifukwa cha zala izi."

Ephraim anatsamira mzati.

"Nanga bwanji umasankha nthawi ya tchalitchi?"

"Chimenechonso ukufuna ndichite kukuuza?" Anamuyang'ana osaphethira. "Tinkatunga pa mpopi umodzi, Ephraim. Tinkagawana chigumu chimodzi pa buleki. Namwino wakoyo wakupatsa chiyani? Zoletsa zokhazokha. Usamwe tiyi, usagwire ntchito, usayankhe foni. Ine sindinakupemphepo kuti usinthe kalikonse."

"Ndikakakunenera kwa abwana?"

"Kanene. Andichotsa ine, kenako afunsa kuti ngati pulogalamu siimafa yokha, iwe akukusungirabe chiyani."

Apa Ephraim anaona kuti mpanda watsekeka mbali zonse. Kukanena sakanatha. Kusiya mmene zinalili, Vailet akanamutulutsa m'tchalitchi Sabata lililonse limene wafuna. Khomo lotsala linali limodzi, lomwe lija ankaliopa.

"Ndigawa," anatero. "Kompyuta ya pa sikelo izitsegula sikelo basi."

Vailet anapinda khoko la nthochi bwinobwino n'kuliika pambali. "Ndiye ukudzikumbira wekha. Usadzati sindinanene."

* * *

Za Vailet sanamuuze Tisungeni. Amuna ali ndi luso lodula nkhani pakati n'kumati akuteteza mtendere. Anangolemba meseji yaifupi.

"Ndapeza vuto. Ndigawa."

Yankho silinachedwe. "Vutolo lili ndi dzina?"

"Ndi vuto la pulogalamu."

"Limavala siketi yofiira?"

Ephraim anayang'ana foniyo nthawi yaitali, chala chili m'malere. Asanaganize chonama chabwino, inalowanso ina.

"Usayankhe, ungandinamize. Gawa. Zikavuta tidzaona limodzi. Koma usaganize kuti ine sindikuopa."

A Peterson, manijala wa ofesi, anavomera mosavuta, ndipo kuvomera kwawo msanga n'kumene kunamuopsa Ephraim.

"Ukuti stolo ikafa sikelo iziyendabe?" anafunsa, akumuyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Inde, bwana."

"Ndiye kuti Loweruka ndizipita kukaona nthochi zanga ku Masambanjati mtima uli m'malo?"

"Inde, bwana."

"Chabwino kwambiri. Ulembenso kabuku kofotokoza gawo lililonse. Komveka bwino, koti ngakhale nkhalamba ngati ine imve."

Ephraim anati inde bwana kachitatu, akudzimva ngati mbuzi imene aipempha kuti inole mpeni.

Anayamba ndi sikelo, kuti Sabata loyamba limupeze atatseka khomo la Vailet. Zinazo anazipatula chimodzichimodzi. Zimene ankaopa zija zinachitikadi kamodzi: Lachisanu lina masana anazindikira kuti kompyuta ya divishoni yakutali kwambiri yatsala ndi gawo lakale, ndipo ikusokoneza mayina a othyola tiyi. Anakwera njinga yamoto mvula ikugwa, fulashi ili m'pepala la pulasitiki m'kati mwa malaya, maso ali kumadzulo kumene dzuwa linkabisala m'mitambo. Dzuwa likalowa Lachisanu, ndiye kuti Sabata layamba. Anagwa kawiri m'matope. Anamaliza kukonza dzuwa litatsala pang'ono kulowa, n'kuzimitsa kompyuta mothamanga. Kapitawo wa kumeneko anamufunsa ngati akuthawa apolisi.

* * *

Sabata loyamba anakhala pa benchi dzanja lili pathumba, ulaliki wonse osamvapo liwu. Foni inali zii. Lachiwiri chimodzimodzi. Mlungu wachitatu gawo la stolo linafadi lokha, popanda chala cha munthu, koma mathirakitala anapitiriza kukwera pa sikelo ngati palibe chachitika. Wa ku stolo anatsegula kabuku kaja, n'kukonza yekha. A Peterson anamva nkhaniyo ndipo anagwedeza mutu mokondwa kwambiri.

Masiku amenewo Vailet ankangomupatsa moni wa mu ofesi, wa "mwadzuka bwanji a Ephraim", osawonjezera. Chete wakeyo ankamudetsa nkhawa Ephraim kuposa mameseji aja.

Sabata lachinayi anasiya foni kunyumba, m'kati mwa nsapato yakale. Anaimba nyimbo yotsekera ndi mphamvu zake zonse, ngakhale kuti Mulungu sanamupatse mawu oimbira, ndipo ana a mzere wakutsogolo anatembenuka kuti aone chimene chikulira. Tisungeni anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedera. Anali asanasekepo m'tchalitchi chibadwire.

Pakhomo a Malizani anamugwira chanza n'kuchedwa kuchitaya.

"Mwamaliza," anatero.

"Ndamaliza, bambo."

"Mawu okhawo ndi amene tiwapempherere."

Ephraim anatsika chitunda chija mtima uli mbee. Kwa tsiku limodzi ndi theka anaiwala kuti anali ndi mantha.

* * *

Lolemba, itatsala pang'ono nthawi ya nkhomaliro, Vailet analowa m'kachipinda kake ka makompyuta osagogoda. Anaika envulopu patebulo n'kuima pomwepo, manja atapinda.

Kalatayo inayamba ndi kuthokoza, ndipo kalata yoyamba ndi kuthokoza kwambiri munthu umadziwiratu kumene ikupita. Inati pulogalamu tsopano ikuyenda bwino, makalaliki akutha kuisamala okha ndi kabuku, choncho ntchito yake idzatha mwezi wa Malichi ukamatha. Makiyi a nyumba abweze pasanathe masiku makumi atatu.

Panali ndime yachiwiri. Ku fakitale kunabwera makina atsopano oumitsira tiyi oyendera kompyuta, ndipo ankafuna munthu wowayang'anira. Ntchito yokhazikika, nyumba ya zipinda zitatu. Masiku ake Lolemba mpaka Loweruka, popanda kupempha chilolezo, chifukwa tiyi wothyoledwa sadikira. Ayankhe pofika Lachisanu masana.

Anawerenga kawiri. Ulendo wachiwiri zilembo zinkasambira.

"Ndime yachiwiriyo munalibe poyamba," anatero Vailet mofatsa. "Ankafuna kuitana munthu wa ku Blantyre. Ndinawakumbutsa ndine kuti pali amayi okalamba m'nyumba muja."

"Ukudziwa kuti Loweruka sindingathe."

"Walira mvula walira matope. Unkafuna Masabata, wawapeza. Tsopano ukawauze amayi ako kuti akagona pansi pa mtengo wa tiyi." Ephraim anaona kuti mtsikanayu sakusangalala ngati mmene ankafunira kuonekera. "Loweruka ine ndimakhala pa sikelo, pafupi pomwepo. Sukasowa wokubweretsera chakudya."

Panja panamveka mapazi othamanga. Chitseko chinatseguka ndi mphamvu, Tisungeni n'kulowa ali mu yunifolomu yake yoyera, akupuma mwawefuwefu, nsapato zili matope. Anali atathamanga kuchokera ku chipatala. Vailet anangomuona ngati mpando.

"Amalume avomera!" anatero. "Akuti ankhoswe abwere Lamulungu lino. Mphunzitsi uja amuyankha kale kuti asadzabwerenso. Atumiza uthenga kwa achibale onse, mpaka azakhali a ku Masambanjati akubwera. Ephraim, ukundimva?"

"Ndikukumva."

"Akuti iwenso ukakhalepo, ngakhale si mwambo wake. Akufunsa zinthu ziwiri basi pamaso pa anthu onse, uyankhe ndi pakamwa pako: ngati uzisunga Sabata, ndi ngati uli ndi ntchito ndi pokhala. Ine ndawauza kuti asadandaule, zonse ziwiri uli nazo."

Ephraim anayesa kumwetulira. Nkhope inakana. Dzanja lake linayenda lokha patebulo n'kuphimba kalata ija, ndipo namwino sakanaphonya dzanja lobisa chilonda.

Kuseka kwa Tisungeni kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana Vailet, n'kubwereranso pa dzanjalo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi za ntchito, Tisu. Tikambirana madzulo."

"Ndi yankho la mafunso awiri a amalume anuwo, anamwino," anatero Vailet. "Kungoti likukwana funso limodzi. Uwauza wekha, Ephraim, kapena ndiwauze ine amene ndinaitayipa?"

Tisungeni anatseka chitseko kumbuyo kwake, anayandikira tebulo, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa ndiwerenge," anatero.